Masiku Asanu Amene Ndinabisa TB

Chifuwa chinandiyamba mu Epulo, tikukumba nsawa kwathu ku Zemba. Ndinkati ndi fumbi chabe. Patatha milungu itatu thukuta linayamba kunyowetsa zofunda, chakudya osachifuna, thupi n'kumangotha.

Ndinapalasa njinga ndekha kupita ku kiliniki, m'njira ndinapuma kanayi. Ananditenga makhololo n'kundiuza kuti ndibwerenso Lachinayi. Tsikulo ndinakhala pabenchi mpaka masana, kenako anesi anandiitana.

"Amayi, muli ndi TB. Imachizika, koma onse a m'nyumba mwanu abwere tiwayeze."

Mwana wanga Tisa anali atabereka sabata yomweyo, ndipo ine monga mayi wake ndinkagona naye m'chikuta, kusambitsa khanda, uku ndikukhosomola. Koma kwathu kuno ukatchula TB anthu amawonjezerapo matenda ena. Ine mayi wa chigwirizano, ndikaonekera pati? Ndinawauza anesi za khandalo, n'kufunsa ngati pali lamulo londikakamiza kuulula.

"Ife chinsinsi chanu sitiulula," anatero anesi. "Koma khandalo silingadzifunsire lokha."

Mapilitsi amene anandipatsa ndinawabisa m'thumba la mbewu. Masiku asanu ndinakhala duu, ndikudziuza kuti sindinaname, pakuti palibe anandifunsa. Tisa akandipatsa mwana ndinkati manja ali ndi dothi. Iye anayamba kuganiza kuti mdzukulu wangayo sindikumufuna.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa, khanda linakhosomola kawiri. Sanali abusa kapena boma amene anandiuza kuti ndalakwa. Ndinangodziwa ndekha, monga munthu aliyense amadziwira, kuti kubisira mayi choopsa chimene chili pa mwana wake ndi bodza ndithu, ngakhale pakamwa utatseka.

Ndinatulutsa mapilitsi aja n'kumuuza zonse. Tisa anangobereka mwana kumsana, ulendo ku kiliniki, ine pambuyo.

Tinadikira zotsatira masiku atatu osayang'anana. Onse awiri anapezeka alibe, koma anapatsidwa mankhwala oteteza. Ine ndinamwa anga miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa.

Lero ndili bwino, ndikulima, ndipo mdzukulu wanga akuyenda. Anzanga, chifuwa chikapitirira milungu iwiri pitani mukayezetse, ndipo a m'nyumba mwanu muwauze tsiku lomwelo. Za TB Tisa sanandidzudzulepo. Chimene amandifunsa mpaka pano n'chimodzi: "Amama, mwana akanapanda kukhosomola, mukanandiuza liti?"