Olemekezeka a pa Chigayo

Pa Lirangwe palibe amene sawadziwa bambo a chigayo aja. Anayamba ndi kagolosale m'mbali mwa msewu, kenaka anagula chigayo, mpaka anthu anawasankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Masiku ano amavala suti ndipo amayenda pa galimoto ya magalasi akuda, koma akangofika kuchokera ku Lilongwe amayamba aima pakhomo la chigayo chawo, kumanunkhiza ufa wotentha. Amakonda kunena kuti, "Kujaku timangolankhula, kuno ndiye timamvana."

Mayi Tinenenji akhala akugayitsa pamenepo kuyambira ali mtsikana. Iwo amawasowa bambowo mmene analili kale, munthu wa ufa m'nsidze uja, amene ankakangana naye ufa ukatuluka wamisere.

Loweruka lina akutuluka m'chigayomo mayiwo anakumana ndi bambo aja pakhomo. Anatula dengu n'kugwada.

"Mwayenda bwanji, Olemekezeka?"

"Dzukani, achemwali. Ufa ukutuluka bwanji masiku ano?"

"Bwino kwambiri, bwana."

Bambowo anatapa ufa m'dengumo n'kuufikisa ndi zala. Unali wamisere.

"Kale mukanandizazira mpaka msika wonse kumva," anatero motsitsa mawu. "Tandizazirani pang'ono chabe."

Mayi Tinenenji anatsegula pakamwa, mawu akale aja ali pa lilime. Koma ataona nsapato zonyezimira za bambowo, anangoseka mwaulemu n'kuyang'ana pansi.

Bambowo anadikira kanthawi. Dalaivala atawatsegulira chitseko, anakalowa m'galimoto osasasa ufa umene unali m'manja mwawo.