Malo a Beseni la Mpunga

M'sitolo ya mipando m'tauni ya Pikine muli mkulu wina wokonza tizipinda tochezera toti ogula aziona. Amajambula malire a chipinda pansi ndi choko, mipando n'kuikankhira kukhoma. Pakati saikapo tebulo.

"Apa m'podyera," amatero.

Tsiku lina mtsikana wina, Seynabou, anafika nkhope ili yakugwa. Akuchimuna akubwera Lachisanu, odya adzakhala asanu ndi atatu, chipinda chake n'chochepa ngati chachokocho.

"Bambo, tikwana? Apongozi andiseka ine."

Mkuluyo anaika beseni lodyeramo mpunga pakati, n'kuitana onyamula katundu onse, mlonda ndi mayi wogulitsa mtedza panja. Anakhala nawo pansi mozungulira, mawondo akugundana.

"Werenga, mwanangu."

"Naini!"

"Wachinainiyo ndine, Lachisanu ndibwera. Nsomba ikhale yaikulu."