Kabatani Komwe a Musakhudze Ankakaopa

Mumsewu wa mashopu a zitsulo, mukangopitirira pogulitsira matayala, pali kachipinda komwe chitseko chake chimatupa mvula ikagwa, mpaka kuchikankha ndi phewa. M'menemo ndi mogwirira ntchito a Musakhudze. Dzina lawo lenileni liliko, mwina a kubanki amalidziwa, koma mukalitchula mumsewumu anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Mungoti a Musakhudze, ngakhale wogulitsa machaja akulozerani ndi chibwano.

Bambo amenewa anayamba ndi burashi. Ankalemba zikwangwani za masaluni, za mabutchala, za okonza mafiriji, ndipo dzanja lawo silinkadziwa kunjenjemera. Makina osindikiza zikwangwani atabwera, ntchito inauma. Anzawo anakhala pakhonde n'kumatukwana makinawo. Iwo anagula laputopu yakale, yoguluka mabatani ena, n'kuyamba kudziphunzitsa kupanga mawebusaiti. Kalasi ya zimenezi sanalowemo. Anapeza pulogalamu yaulere yomangira mawebusaiti, ija imakonzedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, n'kuigwira monga ankagwirira burashi: kuyesa, kulakwitsa, kufufuta, kuyesanso.

Mu pulogalamu imeneyi webusaiti umaiveka chovala chomwe eni ntchito amati thimu. Thimuyo ndi imene imanena kuti mutu ukhale pati, zithunzi zikhale pati, zilembo zioneke bwanji. Tsono munthu wa zilembo ungamupatse chovala chosokedwa kale iye n'kukhala chete? A Musakhudze ankaitsegula thimuyo n'kumasintha m'kati mwenimweni, mzere uno, mzere uwo, mpaka chilembo chilichonse chiime momwe diso lawo likufunira. Ndipo zinkatuluka zokongola. Wotsutsa abwere tidzaonetsane.

Msampha unali apa. Eni thimu amatulutsa yatsopano nthawi ndi nthawi, kutseka mabowo omwe akuba a pa intaneti amalowera. Ikatuluka, pakona pamaoneka kabatani ka apudeti ndi kadontho kofiira. Ukadina, yatsopanoyo imakhala pamalo pa yakale, ndipo zonse zomwe unasintha m'katimo zimapita. A Musakhudze anaziphunzira pa webusaiti ya wokonza mafiriji, yomwe inasanduka khoma lopanda kanthu dzuwa likuswa mtengo, mwini wake ali chiimire kumbuyo kwawo. Kuyambira tsikulo, aliyense womupangira webusaiti ankamutsazika ndi mawu amodzimodzi: "Dinani paliponse pomwe mukufuna, koma aka musakhudze." Dzina linamera pamenepo.

Webusaiti yokongola kuposa zonse inali ya achemwali awo, atelala osoka madiresi aukwati ndi mayunifolomu. Mayiwa anasamutsira shopu yawo m'chipinda chapamwamba, komwe wodutsa mumsewu sakuona, ndiye ntchito yambiri inkabwera kudzera pa webusaitiyo. Munthu amasankha sitayilo, n'kutumiza miyezo yake, n'kudzabwera tsiku loyesa. Pamwamba pa tsamba loyamba panali dzina la shopu, lolembedwa mopindika ngati riboni. Mchimwene wawo analikhalira masiku ambiri kuti lipindike choncho.

Kenaka osunga mawebusaiti, aja amabwereketsa malo pa makompyuta awo, analengeza kuti mathimu akale kwambiri awazimitsa pakutha kwa mwezi. Ya achemwali inali yoyamba pamzere. Kudina apudeti, ntchito yonse ifufutike. Kusadina, webusaiti izime. A Musakhudze anayesa kukonza okha pa kope lina la webusaitiyo, koma zaka zinali zitapita, sankakumbukanso kuti anasintha pati ndi pati. Akakonza mutu, zithunzi zimathawa. Akabweza zithunzi, potumizira miyezo pamafa.

Anakwera masitepe kukawauza achemwali. Anawapeza ali ndi mapini kukamwa, akugwira mpendero wa diresi.

"Achemwali, pali kavuto pang'ono."

"Mukati pang'ono inu ndiye kuti denga lagwa," anatero mayiwo, akulavulira mapini m'dzanja. "Nenani."

Anafotokoza. Achemwali anamvetsera makina osokera ali zii.

"Nanga anzanu aja mumakakhala nawo chaka ndi chaka, kubwerako ndi masitika ngati mwana wa sukulu, ntchito yawo n'chiyani?"

"Si zopita nazo pagulu izi."

"Ndiye ndipite nazo ine? Ndinyamule makinawa ndikakhale pansi pa masitepe kuitana anthu odutsa? Achimwene, manyazi anu asandidyetse mphepo."

Msonkhano womwe ankanenawo ndi wa anthu a pulogalamu ija. Umachitika chaka chilichonse muholo yobwereka, ya mipando ya pulasitiki ndi zingwe za magetsi zomatidwa ndi tepi pansi. Olankhula salipidwa, okonza salipidwa, aliyense amabwera ndi chomwe ali nacho. A Musakhudze chawo chinali dzanja. Ankakhala pakhomo ndi zolembera zawo, kulemba dzina la aliyense pa baji. Anthu ankasunga mabajiwo, ena kuwapachika muofesi. Pokhala kuti sanajombepo chiyambire msonkhanowo, ankawatcha akuluakulu. Wobwera koyamba ankauzidwa kuti, "Ukasowa chochita, kafunse akuluakulu pakhomopo, awa anayamba kale izi." Iwo ankalozera anthu chipinda choyenera, kuwauza wolankhula amene sagonetsa, ndipo nkhani ikafika pa mathimu ankapezeka kuti cholembera chauma, akasake china. Laputopu sankabwera nayo.

Chaka chimenechi anabwera nayo, n'kuibisa pansi pa tebulo la mabaji.

Kumapeto kwa holoyo kumakhala tebulo lalitali lothandizirana. Amene webusaiti yake yavuta amakhala pansi, wodziwa amadzakhala pambali pake. Lamulo la patebulopo ndi limodzi, ndipo salipinda: wothandiza sagwira kiyibodi. Amalankhula, amaloza, koma zala ndi za mwini vuto, kuti akabwerera kwawo akathe yekha.

Mabaji atatha, a Musakhudze ananyamula chikwama. Anadutsa patebulopo ngati akupita kukamwa madzi. Anadutsanso ngati akubwerera. Pakudutsa kwina, mayi wina yemwe anthu amamutcha a Magalasi, wa imvi zodula mwaufupi, amene amakhala patebulopo chaka chilichonse, anakankha mpando ndi phazi.

"Akuluakulu, mukupera pansi. Khalani."

Anakhala. Anatsegula laputopu pang'onopang'ono, n'kuitembenuzira kwa mayiwo. A Magalasi anatsitsa magalasi awo pamphuno, n'kuyang'ana nambala yosonyeza ukale wa thimuyo. Anayang'ananso.

"Iyi mwaifukula kuti?"

"Ndinasintha m'kati," anatero a Musakhudze, mawu ali pansi. "Zonse. Kuyambira kalekale."

"Palibe anakuuzani za thimu ya mwana?"

"Ndinkamva pa misonkhano. Koma pomwe ndinkamva n'kuti nditamira kale. Ndiye munthu woti akuluakulu n'kukweza dzanja kufunsa za chaka choyamba?"

Mayiwo anangofotokoza, ngati akuuza munthu njira ya kusiteji. Thimu yaikulu suikhudza. Umapanga kathimu kakang'ono pambali, kamwana kake, n'kuika zosintha zako zonse m'menemo. Yaikulu ikasinthidwa ndi eni ake, kamwanako kamatsala momwe kalili, ndi zako zonse.

Mwatsoka pamenepo n'kuti akudutsa a Kabudula. Munthu ameneyu ndi katswiri, zimenezo tisamunamizire, koma pakamwa pake ndi pa chitseko chopanda loko. Amabwera ku msonkhano uliwonse atavala kabudula, kuzizire kutenthe. Anasuzumira paphewa, n'kuona nambala ija, n'kuponya manja m'mwamba.

"Anthuni, bwerani mudzaone agogo a mathimu onse! Akuluakulu, imeneyi mumaidyetsa chiyani kuti isafe?"

Anthu anacheuka. Ena anaseka. Munthu wina akanamutsekera laputopu pa zala, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma a Musakhudze si amtima wapachala. Anangoti, "Achimwene, miyendo yanuyo tinaipirira zaka zonsezi, inunso pirirani thimu yanga."

Holo inaseka kuposa poyamba. A Kabudula anadziyang'ana m'mawondo, n'kuchoka. Patapita kanthawi anabwerera ndi makapu a tiyi, n'kukoka mpando mbali inayo.

A Magalasi anawauza kuti asake thimu yakale yomweyo, yosakhudzidwa, monga inatulukira kwa eni ake. Ataipeza, anawasonyeza kapulogalamu koika ziwirizo pambalipambali. Mzere uliwonse womwe unasinthidwa unaoneka ndi mtundu wake. Sikirini inadzaza mitundu ngati nsalu ya achemwali. A Musakhudze anaiyang'ana, n'kukankhira laputopu kwa a Magalasi.

"Mayi, inu zala zanu n'zachangu. Tangogwirani, ine ndizionerera."

A Magalasi anapinda manja pachifuwa. "Lamulo mukulidziwa. Chikwangwani chake munalemba ndinu."

"Nanga inu achimwene?"

A Kabudula anakhalira manja awo. "Ine ndabwera kudzawerenga basi."

Ndipo anawerengadi. Ankatchula mzere, a Magalasi n'kunena ngati ukufunika kapena ayi, a Musakhudze n'kuusamutsira m'kamwana kaja ndi zala ziwiri, poti ndi momwe amalembera. Kutsogolo wina ankalankhula za kufulumizitsa masamba a mawebusaiti, anthu n'kumawomba m'manja. Tiyi anazizira. Mizere ina a Musakhudze ankaikumbukira akaiona. "Uwu ndinauika achemwali atadandaula kuti zithunzi za madiresi zikuduka mitu." Ina sankaidziwa n'komwe, ndipo a Kabudula ankaiwerenga ndi mawu a maliro asanaitaye.

Anafika pa dzina la shopu, lopindika ngati riboni lija. A Magalasi anapukusa mutu.

"Njira yomwe munapindira iyi thimu yatsopano siidziwa. Mukaikakamiza, pa foni dzina lizikwera pa zithunzi."

"Palibe njira ina?"

"Ilipo, koma si ya lero. Lero tipulumutse shopu."

A Musakhudze anaiyang'ananso mizereyo. Kenaka anaisiya, osaisamutsa.

Anayesa zonse pa kope. Zinagwira. Anasunga kope lina la webusaiti yeniyeni, poti a Magalasi sakanawalola kupitirira popanda zimenezo. Ndiye anaika kamwana kaja pamalo pake, n'kusuntha kamuvi kufika pa kabatani ka kadontho kofiira. Dzanja lija silinkanjenjemera pa makwerero ndi chitini cha penti, apa linachita thukuta.

"Ndikugwireni phewa?" anafunsa a Kabudula.

"Gwirani pakamwa panu."

Anadina. Kagudumu kanazungulira. Tsamba linayera, n'kukhala loyera kanthawi kokwanira kuti munthu akumbukire machimo ake, kenaka madiresi anabwerera, onse ndi mitu yawo. Potumizira miyezo panali pomwepo. A Magalasi anati atumize miyezo yongoyesera, ndipo a Kabudula anapereka ya m'chiuno mwawo mopanda manyazi. Inadutsa.

A Musakhudze anatuluka pakhonde la holo, komwe kunali kopanda phokoso, n'kuimba foni.

"Achemwali, tatsegulani webusaiti."

Kunamveka makina akuima, kenaka kupuma kwa munthu amene akusaka magalasi.

"Yatseguka. Koma dzina langa mwaliwongola bwanji ngati msilikali?"

"Ndidzalipinda, ndipatseni nthawi. Chachikulu n'choti sizimanso."

"Mwezi ukatha?"

"Ngakhale chaka chithe."

"Chabwino. Nanga uyu watumiza miyezo pompanoyu ndani? Akuti akufuna diresi laukwati, m'chiuno ngati mgolo."

"Ameneyo musamusokere. Ndi mnzanga."

"Muuzeni nsalu abwere nayo yekha, ine yokwanira thupi limeneli ndilibe," anatero achemwali, makina n'kuyambanso kulira foni asanadule.