Telala Amene Sankadziwa Njira ya ku Mathithi

Achimwene anga ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo kuyambira ali mnyamata mpaka lero imvi zili mbuu, amakhala pampando womwewo, nkhope kumsewu, msana kuphiri. Manja awo ndi aluso, koma pakamwa pamathamanga kuposa makinawo. Akamakuyesani m'chiuno ndi tepi, simuchoka musanamve za mathithi a kuseri kwa phiri: kutalika kwake, kuzizira kwake, mkokomo wake. Ine mlongo wawo, amene ndimagulitsa mabatani ndi mazipi patebulo loyandikana nawo, ndinkadziwa bwino kuti phazi lawo silinapondeko. Nkhani zonsezo ankangotola kwa makasitomala n'kuzilumikiza ngati zigamba.

Mmodzi mwa anthu amene anameza nkhanizi anali mnzawo amene anaphunzira nawo kusoka, tonse timangomutchula kuti a Chipewa. Amakhala kutali, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Lachisanu lina anangotulukira, kachikwama m'manja, akuponda mosamala ngati pansi pali poterera. Atakhala pansi sanazungulire. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, adokotala anali atanena kuti sadzabwereranso mwakale, ndipo makina anali atagulitsa kale.

"Aise, ndabwera kudzaona mathithi ako aja," anatero. "Ndiwaone maso asanatsekeretu."

Achimwene anaseka. Koma nditawayang'ana, iwo anayang'ana sizasi.

Loweruka m'mawa ananyamuka atavala nsapato zawo zonyezimira zoyendera. Ine ndinawatsatira ndi botolo la madzi, poopa kuti amuna awiriwa akagwera kuphompho. Achimwene ankatsogolera ngati mwini phiri, ndipo anatisocheretsa bwinobwino. Koma ndinene zoona, kusocherako sikunandiwawe. Tinalowa m'nkhalango ya mitengo italiitali moti dzuwa linkangodonthera pansi apa ndi apo. Kunkanunkhira masamba onyowa. Agulugufe abuluu anadzambatuka pamatope onse nthawi imodzi n'kutizungulira, ine kukamwa kuli yasa. Ndinachita manyazi kuti zonsezi zakhala kumbuyo kwa msana wathu moyo wonse, ife tili kalikiliki kukangana za mtengo wa zipi.

Tinabwerera madzulo mathithi osawaona, zidendene za achimwene zili matuza okhaokha. A Chipewa sanadandaule. Anangoti, "Basi yanga ndi ya Lolemba m'mamawa."

Lamlungu achimwene anatsitsa mapewa. Anabwereka patapata wanga wakale, ndipo titakumana ndi mayi wina wotola nkhuni m'munsi mwa phiri, anamufunsa njira motsitsa mawu kuti mnzawo asamve. Mayiyo anayankha mokuwa: "Tsatani mtsinjewu basi, bambo, osausiya!" A Chipewa anatsokomola, ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Mathithiwo tinayamba kuwamva tisanawaone. Poyamba zinali ngati mvula ikubwera patali, kenaka mkokomowo unalowa m'chifuwa. Titakhota pathanthwe lina, mathithi aja anangoti bwanthu patsogolo pathu. Madzi ankachokera pamwamba penipeni, pamene khosi limawawa poyang'ana, n'kugwa osapuma, osatopa, utsi wa madzi ukukwera mpaka m'nthambi. Timbalame tinkalowa m'madzimo n'kutulukira kwina. Ndinachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo ndinadziona kuti ndine kanthu kakang'ono zedi. Achimwene, munthu wosatha mawu uja, anangoti kakasi, manja ali lende.

"Ali kuti?" anafunsa a Chipewa.

Tinatembenuka. Anali atatong'ola maso, akuyang'ana uku ndi uku.

"Kumva ndikumva, aise, koma ndikungoona kuyera kokhakokha. Kumwamba ndi madzi zonse ndi chinthu chimodzi."

Mtima wanga unagwa. Tinali titaima moyang'anana ndi dzuwa, ndipo kuwala kunali kutadzaza utsi wa madzi wonsewo. Achimwene anayamba kufotokoza mwachibwibwi kuti madziwo akuchokera apo n'kugwera apa, koma mnzawoyo anawagwira mkono.

"Usandiuze. Wandiuza zaka zambirimbiri. Ndimati ndione ndekha." Anakhala pamwala, mutu n'kuzyolika. "Basi, ndachedwa. Tiyeni tizipita."

Achimwene sanasunthe. Anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana tsidya lina la dziwe, kumene madziwo ankatsika kutsogolo kwa thanthwe lakuda bii lokhala mumthunzi.

"Mlongo," anandiitana, "ulusi woyera ukandikanika kulowetsa m'singano madzulo, ndimatani?"

"Mumaika nsalu yakuda kumbuyo kwake."

"Gwira mkono winawo."

Tinawaolotsa a Chipewa pamiyala ya ndere, madzi akufika m'mawondo, ozizira moluma mafupa. Patapata mmodzi anapita ndi madzi, achimwene osacheuka n'komwe. Titayandikira tsidya lija, tikadali m'madzi, achimwene anamutembenuza mnzawo pogwira mapewa, monga amachitira ndi kasitomala poyesa jekete, mpaka dzuwa linakhala kumsana, thanthwe lakuda kutsogolo.

A Chipewa anayang'anitsitsa. Kenaka dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono, chala chikuloza.

"Awo! Awo akutsika! Aise, akugawikana pawiri pamwala uwo, n'kukumananso m'munsi!"

Zinalidi choncho. Ine ndi maso anga abwinobwinowa ndinali ndisanaone kugawikanako. Misozi inangoyamba yokha, ndipo sindinaibise.

Tinaima pamenepo nthawi yaitali. Mapazi anachita dzanzi, zovala zinanyoweratu, mano a achimwene akugundana ndi kuzizira. A Chipewa sankafuna ngakhale kuphethira. Ankayamba kuyang'ana pamwamba n'kutsika nawo madziwo mpaka pansi, n'kuyambiranso. Nditaona milomo yawo ikusintha mtundu ndinati, "A Chipewa, mudwala. Tiyeni tikaothere dzuwa pamwala apo."

"Ayi mlongo, ndidikireni pang'ono," anayankha a Chipewa osandiyang'ana. "Ndikulongedza. Kumdima kumene ndikupitaku ndizikaona omwewa."

Achimwene anawagwira mkono zolimba kuti asaterereke, ndipo tinakhalabe m'madzimo mpaka dzuwa linasuntha.