Foni ya Esinati ku Makata

Ndinanyamuka ku Bangwe Loweruka m'mawa, chitenje nditamanga cholimba ngati wopita kokamenyana. Nkhani yake inali foni. Mwana wanga Esinati anamwalirira ku Joni n'kuikidwa konko, ndipo chimene anandisiyira ndi mawu ake m'kafoni kosweka galasi. Tadala, mwana wa malemuyo, anakatenga ati akakakonzetse. Lachinayi ku Mvano mayi wina anandinong'oneza kuti kapachikidwa m'shedi ina ku Makata, anthu akumvera womwalira ngati wailesi. Ati ndi luso. Ndinati lusolo ndikalione, koma foni ndibwera nayo.

Minibasi ya ku Limbe inandidya wani sauzande.

"Agogo, sendezani, anayianayi!" anatero kondakitala.

"Ndisendere kuti, mwanawe? Pamwendo pa abambo awa?"

"Bwerani mayi," anayankha abambowo, "kunyumba kulibe wondifunsa."

Tinaseka mpaka ku Limbe. Kumeneko ndinagula chinangwa chokazinga, ndinakwera ina ya m'tauni, n'kutsikira pasitediyamu dzuwa litakwera ndithu. Wakabaza nditamuuza za shedi, anati, "Kolira mafoni kuja? Kwerani." Ndinakhala cham'mbali, jekete lake nditaligwira ndi manja onse, tikuzemba malole, mphuno zili fungo la sopo ndi utsi wa m'mafakitale.

M'shedimo munali mdima ndi kuzizira. Mafoni akale analendewera pazingwe kuchokera kudenga, ngati mileme. Ukayandikira imodzi, imayaka n'kuyamba kulankhula. Iyi ikupempha fizi, iyo ikuimbira mwana, inayo ikungopuma ngati munthu wosowa poyambira. Pakhoma pamayenda mitundu: mawu akaseka pamachita chikasu, akanjenjemera pamada bii. Ndinatsokomola dala kuti ndione ngati khomalo lindimva. Silinandilabadire.

Tadala anatulukira, nkhope itagwa.

"Agogo, ndimati ndikuuzani."

"Undiuza. Choyamba, khomali likudziwa bwanji za mumtima?"

"Kompyuta imamvera mmene mawu akugwedezekera, n'kusankha mtundu."

"Nanga wonamiza agogo ake amaoneka mtundu wanji?"

Ananditsogolera pakona.

Foni ndinaidziwa ndi mng'alu wake. Koma pansi pake panali mayi wina wa suti ya kuofesi, atavula nsapato, atakhala pasimenti miyendo tambalale. Esinati amalankhula: "Amayi, kuno kukuzizira. Mwaphika chiyani lero? Ndisungireniko nkhwani wotendera." Kenaka kaphwete kake kaja. Khoma linachita chikasu, koma m'mphepete muli bii. Ine zaka zonsezi ndinkangomva kusekako.

"Mumamudziwa?" ndinafunsa mayiyo.

"Ayi, mama," anatero, lilime lili la kumpoto. "Mlongo wanga nayenso anatsalira ku Joni komweko. Nkhope sitinaione."

Tadala anati, "Awa ndi amayi ake."

Mayiyo anagwada n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Pepani, mama."

Ndinakhala pansi pomwepo. Munthu sungadutse ofedwa ali pansi iwe chilili: amene amabwera kudzaona luso amafika, kugwada, kupepesa, n'kukhala. Bambo wina anavula chipewa. Wina anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ife n'kulandira. Maliro a Esinati tinalira opanda bokosi, anthu anabalalika tsiku lomwelo ngati panalibe chimene chachitika. Apa ndiye anandikhalira, anthu oti sindiwadziwa ndi dzina lomwe.

Chakumasana Tadala anakwera pampando kuti amasule chingwe.

"Ukutani?"

"Ndikubwezereni, agogo. Ndinalakwa."

"Kulakwa unalakwa, ndipo tikakambirana kunyumba. Isiye mpaka mudzatseke. Koma uwauze, pakona ino nsapato azivula."

Ndinabwerera ku Bangwe chimanjamanja, chinangwa chija chitazizira m'chikwama. Luso la masiku ano sindinganene kuti ndalimvetsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana wanga ndinakamulirira m'shedi ya ku Makata, ndipo anthu analipo.