Galimoto Imene Tinaiyesa Chogona

Bambo anga anakana kwamtuwagalu kupitanso ku chipatala. Anali ndi nthenda ya mafupa a msana, ndipo madokotala a ku Minga anati aziwaona mwezi ndi mwezi. Koma kwathu ndi ku Nyalugwe, kumene msewu wake ndi miyala ndi timitsinje touma, ndipo ulendo womaliza tinawakweza pa lole ya chimanga atagona pa matumba. Lole ikangogunda mwala, ankakuwa ngati mwana, munthu amene anatilera osationetsako msozi. Atabwerako anangoti, "Nikafa nifele pano. Mumotoka simuzanikwezamo futi." Mankhwala anali kutha, miyendo inali kuyamba kufooka, ndipo tonse tinadziwa kuti akapanda kubwerera ku Minga sadzayendanso.

Ine ndine mwana woyamba, ndipo makani ndinatengera iwo omwewo. Ndimagulitsa zovala za kaunjika, zimene kuno timati salaula, pa msika wa Petauke. Ndinaganiza zogula galimoto yanga, yoti ndiziwanyamula ndekha mwakachetechete popanda kondakitala wokuwa kuti tachedwa. Za yatsopano sitingakambe n'komwe. Zimene dzanja langa likanafika zinali zija zoti zinazungulira kale dziko lonse n'kubwerako.

Mwayi wanga unali woti mng'ono wanga anakwatiwa ndi makaniko. Mlamu wangayo ndi munthu wochedwa pa zonse, pa kudya, pa kuyankha, ngakhale pa kuseka, ndipo ine ndimamunena kuti anabadwa Lachiwiri pomwe ankamuyembekeza Lamulungu. Koma pa galimoto ndimamuvulira ulemu. Tinaona zingapo m'tauni, zonyezimira, matayala atapakidwa polishi, m'kati mukununkhira ngati mu saluni. Ine mtima unkakhala utapita kale. Iye ankangofika, n'kuika chikhatho pa boneti, n'kunena kuti tiyeni.

"Alamu, simunaiyang'ane n'komwe!" ndinamukalipira tsiku lina.

"Yafunda, alamu," anatero. "Mwine wake ailiza tikalibe kufika. Injini yodwala ikafunda ibisa matenda. Nifuna kuimvela ikauka kutulo."

Anandionetsanso injini ina yotsukidwa mbee, n'kundiuza kuti munthu satsuka injini yakale chifukwa cha ukhondo, amatsuka kuti ogula asaone pamene oyilo akudontha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenako tinamva za mayi wina wamasiye wa m'mudzi wa pafupi ndi Minga, amene ankagulitsa galimoto ya malemu amuna awo. Mayiwo anabwera kuno ali mtsikana kuthawa nkhondo ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala, n'kukwatiwa, n'kumalima. Tinafika m'mawa wa m'nyengo yozizira. Galimotoyo inali pansi pa mtengo wa mango, yaitali kumbuyo, yotuwa ndi fumbi, masamba ali pagalasi. Nditaiona ndinagwa ulesi.

Mayiwo anatuluka, wamfupi, wa imvi zochepa, makiyi atamangirira kunsonga ya chitenje. Titapatsana moni anati, "Anthu enze kuniuza ati isukeni, ilizeni ifundeko alendo akalibe kubwela. Nakana. Amuna anga enze kukamba ati wogulitsa motoka yofunda ni kawalala, munthu wakuba. Iyi yagona panja kuchokela pa Sondo, palibe waigwila."

Mlamu anagwira boneti, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuona akumwetulira mofulumira. Anandituma kukaima kumbuyo kuti ndione utsi. Atapotokola kiyi, injini inatsokomola pang'ono, n'kugwira. Panatuluka kautsi koyera kamene kanatha msanga, osati kabuluu kosonyeza kuti ikudya oyilo. Iye anatsamira khutu pafupi ndi injini nthawi yaitali, maso atatsinzina ngati ali m'pemphero. Anatsegula pothirira oyilo n'kuyang'ana kunsi kwa chitsekerero ngati kuli thovu, anafikisa oyiloyo pakati pa zala, anaona madzi, kenako anayala thumba n'kulowa pansi kukafuna dzimbiri. Ine ndinali kupondaponda, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nditasuzumira pa manambala osonyeza mtunda umene yayenda, ndinaseka chifukwa chosowa chochita. Anali ataliatali ngati nambala ya foni. Mlamu anati manambala asandiopse, chifukwa anthu amawabweza m'mbuyo. Anandionetsa chopondera kilachi chimene mphira wake unatha mpaka chitsulo kuwala, ndi chiwongolero chosalala pamene manja ankagwira. Zonsezo zinkagwirizana ndi manambalawo. "Iyi sinama zaka zake," anatero. Anakanikizanso kumbuyo kwa galimoto n'kuisiya kuti aone mmene ikudumphira, n'kunena kuti mashoki, zitsulo zija zimameza mabampu, atopa koma akadali ndi masiku.

Chimene chinandidabwitsa ndi mayiwo. Sankadziwa kuyendetsa, koma anakhala kumpando wakutsogolo zaka zonse amuna awo ankanyamula nthochi ndi anthu pakati pa Kacholola ndi Petauke, ndipo ankaidziwa galimotoyo ndi khutu. M'malo moitama, anayamba kuiulula. Anati giya yachiwiri imakana m'mawa ukaifulumizitsa. Anati chitseko chakumbuyo chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka, ndipo pa mapiri a Kacholola, ukaidzaza kwambiri m'chilimwe, kamuvi ka kutentha kamakwera. Injini inatsegulidwapo kamodzi, ndipo anatchula chaka chake powerengera ubatizo wa mdzukulu wawo. Ine ndimakhala pa msika, ndimadziwa mmene timabisira kabowo ka pa malaya ndi chala. Ndinawayang'ana mayiwo ndi ulemu umene sindimaupereka wamba.

Tinanyamuka kukaiyesa, ine pa chiwongolero, mayiwo pambali panga, mlamu kumbuyo akumvetsera. Pa phula inkayenda mosadandaula. Giya yachiwiri inakanadi monga ananenera, mabuleki sankakokera mbali, ndipo pa zitunda za ku Nyimba kamuvi kanakhala pakati. Mlamu anati injiniyo ikhoza kutikwirira tonse. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Apo m'pamene mayiwo anandifunsa kuti, "Nanga imwe amai, muifunila chani? Mabelo a salaula?"

Ndinawauza za bambo, za msana, za lole ya chimanga, ndi zoti akana kukweranso galimoto iliyonse. Mayiwo anayang'ana kutsogolo. Kenako anati, "Ndiye tikalibe kuiyesa. Tiyeni kwamene kuli odwala."

Mlamu anayang'ana dzuwa n'kunena kuti n'kutali. Mayiwo anati akudziwa. Tinathira mafuta pa Nyimba, tinapitirira, ndipo pamene tinkasiya phula kulowa msewu wa fumbi wa kwathu, anandiuza kuti ndiime. Anatsika, anauza mlamu kuti apite kutsogolo, anavula nsapato, n'kugona chagada pa mpando wakumbuyo, mawondo atapinda, chitenje china atatsamira.

"Amai, ayo ni malodza," anatero mlamu, maso ali tong'o. "Munthu wamoyo, wosadwala, kugona so mumotoka?"

"Wonkhala samvela vamene amvela wogona, mwana wanga," anayankha. Anatiuza kuti amuna awo atadwala komaliza anawagoneka pa mpando womwewo kupita nawo ku chipatala, iwo atakhala chapambali, mutu wa odwala uli pamiyendo pawo. "Njila yonse sanakambe kanthu, enze chabe kuluma nsalu. Ine nenze kuganiza ati motoka yathu iyenda bwino. Nenze ninkhale, ningaziwe bwanji?" Anakonza chitenje chakumutu n'kunena kuti, "Tiyeni, amai. Yendetsani mwamene muzayendetsela atate anu."

Ndinayamba kuyendetsa. Sipanapite nthawi, mawu anayamba kuchokera kumbuyo. "Apo! Kumanzele kwagunda chitsulo." Titayenda pang'ono, "Aponso, kumanzele komweko, kwafika mpaka mumano." Anapeza kuti kachitsulo komangira lamba kamabaya m'nthiti, chinthu chimene munthu wokhala tsonga sangachidziwe. Anapeza kuti mpandowo unapendekera kumbuyo, moti ukaponda buleki munthu amagubuduka. Pamene msewu unali ndi timizere ngati malata, ine ndinkayenda pang'onopang'ono poganiza kuti ndikuchita chifundo, koma iwo anati kumeneko ndiye kuswa munthu, ndionjezeko pang'ono. Potsikira m'mitsinje youma anandiphunzitsa kulowa chopingasa, tayala limodzi kenako linzake.

Mlamu anandiimitsa, n'kulowanso pansi. Anatuluka zala zili ndi mafuta a shoki yakumanzere imene inali itayamba kudontha chifukwa cha mabampu. "Ya nthochi yenze ikali bwino," anatero akupukuta m'manja. "Ya msana wa munthu, iai." Anatulutsako mpweya pang'ono m'matayala, ndipo mayiwo atagonanso anati kwafewako.

Pa mjigo wina tinapeza amayi akutunga madzi. Ataona galimoto yachilendo ikukwawa, kumbuyo kukuoneka munthu wogona wofunda chitenje, anasiya kupopa n'kuima duu. Bambo wina wa panjinga anatsika n'kuvula chipewa. Mayi eni galimoto aja anadzutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Nikalibe kufa, pitilizani kutapa manzi!" Mlamu anaseka mpaka kutsamwa, ndipo ine ndinaseka misozi ili m'maso.

Tinapeza bambo atagona pakhonde. Mayiwo anatsika movutikira atagwira m'chiuno, fumbi lili m'tsitsi, n'kukagwada chapatali kupereka moni. Ndinafotokoza kuti ndi eni galimoto, ndipo abwera chogona kuchokera pa phula kuti amve mmene imapwetekera. Bambo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwagonamo imwe amai? Njila yonse iyi?"

"Yonse, bambo."

"Kubaba?"

Ine ndinali kupemphera chamumtima kuti anene kuti sikuwawa. Ndi zimene tonse tinkawauza bambo miyezi yonseyo, kuti ulendo uno simumva kanthu, ndipo iwo ankadziwa kuti tikunama.

"Kubaba, bambo," anayankha mayiwo. "Lelo simungakwelemo. Kumanzele kugunda, na kachitsulo kalasa mumbambo. Aba a makanika akakonza, nizagonamo futi. Kukababa sinizagulitsa, mwana wanu akasakile ina."

Ndinapsa mtima pang'ono, chifukwa ndinaona ngati andigwetsera zonse. Koma bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pabwalo ponsepo munthu yekhayo amene anamvako chimene iwo ankaopa anali mlendoyu. "Mukagonamo kachiwili mubwele muniuze," anatero.

Makiyi mayiwo sanandipatse tsiku limenelo, ngakhale ndinawachonderera. Galimoto inabwerera pansi pa mango. Mlamu anasintha mashoki onse akumbuyo, anakankhira tizitsulo ta malamba pansi pa mpando, ndipo ine ndinadula matiresi n'kusokerera pilo wautali wotchinga kuti munthu asagubuduke. Sabata yotsatira mayi uja, wa msinkhu wa mayi anga, anavulanso nsapato pa mphambano yomwe ija n'kugona mpaka kwathu. Anawauza bambo kuti pamtsinje waukulu padakali kugwedeza, koma kwina konseko munthu angapirire, ndipo mutu uzikhala kumanja. Bambo anati ayesa kamodzi kokha. Apo m'pamene mayiwo anavomera kundigulitsa galimotoyo.

Bambo tinawanyamula m'mawa, anthu anayi atagwira bulangete m'makona. Mng'ono wanga anakhala kutsogolo, ine ndinagwira chiwongolero. Mwala uliwonse ndinkauona ngati mdani. Pamtsinje waukulu ndinalowa chopingasa, ndipo ndinamva bambo akubuula kamodzi, motsitsa. Kenako kunali zii. Ndinkadikira kukuwa, osakumva. Tinafika pa phula, tinadutsa Nyimba, kumbuyo kuli chete, ndipo chete ameneyo anayamba kundiopsa kuposa kukuwa. Ndinakumbukira amuna a mayi aja akuluma nsalu. Ndinauza mng'ono wanga kuti acheuke, iye anati akuopa.

Pa geti ya chipatala ndinaimitsa galimoto n'kuzimitsa injini. Ndinatembenuka. Bambo anali atatsegula pakamwa, dzanja limodzi likulendewera pansi, ndipo m'kachetechete wa injini yozima tinamva mkonono. Anali m'tulo.

Wantchito wa pachipatala anabwera ndi machira a matayala n'kugwira chitseko. Ndinatulutsa dzanja pawindo n'kumupempha kuti adikire pang'ono. Tinakhala momwemo, ine ndi mng'ono wanga, tikulira mopanda phokoso kuti tisawadzutse.