Tsitsi la M'chisoti

Ndinasiya koleji chaka chachiwiri chili pakati. Musandifunse chifukwa, ndinatopa nako kuyankha. Achemwali anga, omwe ndi nesi, anandisunga kwawo ku Sighthill, kuno kudziko la azungu, koma anandiuza poyera kuti mtsikana wamkulu sagona tsiku lonse. Ndiwo anandipezera ntchito kwa mzungu wina wokalamba wa ku Dennistoun, mumzinda womwewo, wonjenjemera manja: kusesa, kumugulira mkaka ndi buledi, kumukumbutsa mapiritsi.

Za zisoti sanandiuze.

Kwa mdalayo chipinda chakumbuyo chinali mashelefu okhaokha, ndipo pamashelefupo panandandalika zisoti zachitsulo za asilikali a nkhondo zikuluzikulu zija za azungu. Zinali zadzimbiri, zina zobooka, zina zophwanyika mbali imodzi ngati dzungu lopondedwa ndi ng'ombe. Alimi a ku France ndi ku Belgium amazifukula polima, anthu n'kumazigulitsa, mdalayo n'kumaitanitsa pa positi. Iye ankati ndi mbiri. Ine ndinkangoona manda oikidwa pa shelefu.

Manja ake atafika poti burashi sangaigwire, ntchito yozipukuta inagwera ine.

Lachiwiri lina kunabwera phukusi latsopano. Chisoti chake chinali ndi bowo pamwamba pa khutu, m'kati muli dothi louma gwa. Nditapukuta kunja, mdalayo anati, "Tachivala, umve kulemera kwake. Anyamata amsinkhu wako ankayenda nacho tsiku lonse."

"Ine za akufa sindivala."

"Ukuopa chiyani? Mwini wake sabweranso kudzachifuna." Anaseka mpaka kutsokomola.

Palibe chimene ndimadana nacho ngati kusekedwa. Ndinavala. Chinali chozizira, chonunkha ngati dzenje longokumba kumene. Povula, dothi linakhuthukira paphewa panga, ndipo m'kati, pakachikopa kowola, ndinaona tsitsi. Kamtolo kakang'ono, kofiirira, komatirira.

"Mwina ndi mizu," anatero mdalayo.

Mizu ndimaidziwa ine. Ndinakula ndikupalira.

Kwathu munthu wochokera kumanda salowa m'nyumba asanasambe m'manja, ndipo khanda saliyandikira. Ndinkadziwa bwino lomwe. Koma ndinali nditatha chaka chonse ndikuwauza achemwali kuti miyambo ndi matchalitchi awo n'zopusitsa anthu, ndiye ndikanayamba bwanji kupempha madzi pakhomo? Ndinatsika basi, ndinakwera masitepe, ndinalowa. Achemwali anali ndi khanda la milungu isanu.

"Wafika bwino iwe. Tamugwira mwanayu ndikasambe."

Ndinamulandira. Ndipo monga ndinkachitira masiku onse, ndinagunditsa chipumi changa pakamutu kake.

Lachinayi m'mawa mwana anayamba kutsegula m'mimba. Bere anakana. Pofika masana kulira kwake kunali kwa kamphaka, ndipo achemwali atamuvula kachipewa ndinaona liwombo, pofewa paja pa pamutu, litalowa m'kati ngati wina wadinapo ndi chala. Mutu wa wakufa, mutu wanga, mutu wa mwana. Ndinkangowerenga mitu itatuyo mutakisi monse mpaka kuchipatala.

Anamuika diripi pakadzanja. Ine ndinakhala pampando wa m'khonde, ndikukanda m'mutu mpaka zikhadabo kuchita magazi. Ndinkamva ngati dothi lija likadalimo. Nesi aliyense wotuluka m'chipindamo ndinkamuyang'ana pakamwa. Ndinkadziwa kuti mwanayo akapita, ndidzakhala nacho chinthuchi ndekha moyo wanga wonse, ndikudya mbale imodzi ndi mayi ake.

Achemwali atatuluka kudzamwa madzi, ndinawagwira chitenje.

"Achemwali, ndine ndachititsa."

"Ukuti chiyani iwe?"

Ndinawauza zonse: chisoti, bowo, tsitsi, chipumi.

"Unachivala? Pamutu pakopo?"

"Eya."

"Chitsiru cha munthu. Si iwe umati zonsezi n'zachikale?" Anapumira m'mwamba. "Tamvera. Mwana akatsegula m'mimba madzi amatha m'thupi, liwombo limalowa. Ndaona ana angati ine otere? Diripi ija ndiye mankhwala ake."

"Ndiye si ine?"

"Ndati ndi madzi."

Anatembenuka kuti abwerere, ine n'kudzuka kuwatsatira. Anaima pachitseko, dzanja pachifuwa panga.

"Koma usamugwire kaye."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana konse.

Kutacha ndinapita ku Dennistoun osati kukasesa. Ndinalowa m'chipinda chija, ndinatsitsa chisoticho, ndinachotsa tsitsilo ndi kampeni pang'onopang'ono. Ndinalikulunga m'kansalu koyera.

"Ukuchiwononga," anatero mdalayo ali pakhomo. "Chimakoma chili momwe anachipezera."

"Uyu ndi munthu, bambo. Sanaikidwe. Mukafuna kundichotsa ntchito, ndichotseni."

Ndinatsikira kubwalo la kuseri kwa nyumbayo, komwe anthu amayanika zovala, ndinakumba ndi supuni pansi pa mpanda. Mvula inkawaza. Ndikukwirira ndinamva ndodo pamasitepe. Mdalayo anali atatsika nsanjika ziwiri yekha, zimene anali asanachite chiyambire kuzizira. Anaima pambali panga, navula kapusi yake.

Pemphero ndinalibe. Ndinangoti m'Chichewa, kwa munthu amene sanachimvepo, "Pepani bambo. Gonani. Mwana uja sakukudziwani, musiyeni."

Mwana anatuluka m'chipatala patatha masiku atatu, liwombo litadzaza, akuyamwa ngati wobwezera. Kaya ndi diripi, kaya ndi supuni ija, musandifunse. Madokotala ali ndi yankho lawo ndipo mwina ndi loona.

Tsiku limenelo pochokera kuntchito ndinapeza beseni la madzi ndi sopo pakhonde, kunja kwa chitseko chathu, aneba achizungu akulilambalala modabwa.

"N'za majeremusi," anatero achemwali, osandiyang'ana.

Ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono. Kenako ndinawerama, ndinaviika mutu wonse. Madzi akutsikira m'khosi, achemwali anandiponyera thaulo, n'kundipatsa mwana.

Kwa mdala uja ndimapitabe. Zisoti amapukuta ndi mdzukulu wake akabwera. Ine chitseko cha chipinda cha zisoticho ndimangochidutsa. Beseni lija likadali pakhonde, ndipo palibe tsiku limene ndalidumpha.